Msonkhamsonkha wa Alamu Anga a Chidendene

Alamu anga, amuna awo a achemwali, anthu amawatchula a Chidendene. Dzinali linabwera chifukwa ukamawapatsa moni sayamba akuyang'ana kumaso. Maso awo amathamangira kumapazi, kenako n'kukuuza kuti, "Mumapondera kunja inu. Chidendene cha kumanzerechi sichifika mwezi wamawa." Ndipo sichifikadi. Akhala akusoka nsapato kwa zaka khumi, poyamba pansi pa masitepe a nyumba ina yosanja pafupi ndi pokwerera basi, kenako m'kachipinda ka kuseri kwa shopu yosindikiza makadi. M'kachipindamo mumanunkha guluu ndi phula moti ukatulukamo zovala zimakununkhira mpaka madzulo.

Luso limeneli analiphunzirira kundende. Ndinene izi poyambirira pomwe, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Asanakhale wosoka nsapato, alamu ankasunga makiyi a nyumba yosungiramo katundu pa kampani ina yogulitsa zipangizo zomangira. Kwa miyezi ingapo ankatulutsa mawaya amagetsi mozemba, mpukutu umodzi lero, iwiri sabata yamawa, mpaka munthu amene ankawagula anagwidwa n'kuwatchula. Anawalamula zaka zisanu ndi chimodzi. Pa nthawiyo mwana wawo mmodzi yekhayo, mtsikana, anali ndi zaka zinayi.

Akuluakulufe tinapangana bodza, ndipo ine ndinali nawo pa upowo, sindikana. Mwana tinamuuza kuti adadi ake anapita kunja kukagwira ntchito m'sitima zapamadzi. Achemwali anasamukira mbali ina ya tauni kumene sankadziwika. Makalata ochokera kundende ankafikira kwa ine, ku sitolo ya mankhwala kumene ndimagulitsa mpaka lero, ndipo ine ndinkawaika mu envulopu ina ndisanawapititse. Pena ndinkagula kachidole pamsika n'kunena kuti kabwera pamodzi ndi kalata. Alamu atatuluka, mwanayo anawalandira ngati munthu amene waona dziko lonse, ndipo iwo poona mmene ankawanyadira analephera kutsegula pakamwa. Ankangoti, "Akakula ndidzamuuza." Anakula. Pamene nkhaniyi inkachitika n'kuti ali ndi zaka makumi awiri, akuphunzira unamwino, ndipo pakhomo tinkangomutcha Nesi.

Anthu otuluka kundende amapezana, sindidziwa kuti amauzana bwanji. Munthu ankatulukira pakhomo la kachipinda kaja ndi kajumbo m'manja, mutu wometedwa kumene, n'kungoima pamenepo. Alamu ankamukankhira mpando ndi phazi, n'kumupatsa nsapato yong'ambika ndi singano. Ena ankakhala sabata n'kusowa. Ena anakhazikika. Pofika chaka chatha analipo asanu ndi awiri, ndipo anali atasiya kungosoka zong'ambika, ankapanga nsapato zatsopano za ana asukulu, zolimba ngati ziboda za ng'ombe. Awiri mwa iwo ndi amene ndinazolowerana nawo: a Dikoni, bambo ofatsa a imvi za m'mbali, amene kutchalitchi kwawo ankanyamula mbale ya zopereka popanda wodziwa kumene anachokera, ndi a Fupi, amene pakamwa pawo sipauma.

Tsiku lina mwini sitolo ina yogulitsa mayunifolomu anaona nsapatozo n'kunena kuti akhoza kutenga mapeyala mazana awiri, bola zifike sukulu zisanatsegulire. Ndi manja okha sizikanatheka. Pankafunika makina osokera zikopa, ndipo mtengo wake alamu anaunena motsitsa mawu ngati akutukwana.

Maganizo a msonkhamsonkha wa pa intaneti anali anga. Mayi wina amene amagula mankhwala kwathu anapezera njira imeneyo ndalama za opaleshoni ya amuna ake, ndiye ndinamufunsa mmene anachitira. Pali makampani amene ali ndi malo a zimenezi. Umatsegula tsamba, n'kulemba kuti ndiwe yani, ukufuna zingati, za chiyani, ndiponso pofika liti. Ofuna kuthandiza amatumiza pa foni, aliyense mmene angathere, kampaniyo n'kudulapo kagawo kake. Ndinawafotokozera alamu tili pakhonde kwa achemwali.

"Ndiye kuti anthu osandidziwa andipatsa ndalama ine?" anafunsa.

"Ngati mwawafotokozera bwino."

"Mlamu, ine anthu ondidziwa sandisiyira ndi chenji chomwe."

Komabe anavomera. Lamlungu lina masana tinasonkhana m'kachipinda muja, ine nditakhala pa mulu wa masoli, foni yanga ili pa benchi pakati pa nyundo ndi chitini cha misomali. Ndinkawerenga zofunika chimodzichimodzi. Dzina la gulu, tinali nalo. Akaunti ya kubanki ya gulu, yosainira anthu awiri, anali atatsegula kale chaka china. Munthu mmodzi woimira gulu, wopereka chiphaso chake ku kampaniyo. Apa onse anayang'ana alamu, ndipo iwo anatulutsa chiphaso m'thumba n'kuchiika pa benchi, atanditsimikiziritsa kawiri kuti sichioneka pagulu.

"Akulangizanso kuti muyambe ndi abale anu," ndinatero. "Tsamba lisaoneke lopanda kanthu, chifukwa anthu amaponya pamene anzawo aponya kale."

A Fupi anaseka. "Abale anga akaona dzina langa ndi mawu akuti ndalama pa mzere umodzi, amayamba kuwerenga mapoto."

Kenako tinafika pa zithunzi. Malangizo ankati anthu amathandiza munthu amene akumuona nkhope. A Dikoni anayamba kupukuta magalasi awo. Wina anati mkazi amene akufuna kumukwatira sakudziwa. Wina anati mwini nyumba amuthamangitsa tsiku lomwelo. Alamu sananene chifukwa chawo, koma ine ndinkachidziwa, chinali ku hositelo ya anamwino chikuwerengera mayeso. Tinagwirizana kujambula manja okha: manja akudula chikopa, manja akukoka ulusi, nsapato zitandandalikidwa pa shelefu. Za ndende sitinalembe. Tinangoti ndi gulu la amisiri amene akuyambiranso moyo. Tinaika masiku makumi atatu.

Sabata yoyamba panaponya anthu asanu ndi anayi, ndipo onse ndikhoza kuwatchula: ine, achemwali, abwana anga a ku sitolo, mwini shopu yosindikiza, ndi makasitomala ochepa a alamu. Ndinatumiza tsambalo m'magulu onse a pa foni amene ndilimo, la amayi a kutchalitchi, la anzanga akale akusukulu, ngakhale la mpikisano wa makeke limene ndinalowamo mwangozi. Anthu ankaliona, chiwerengero cha olitsegula chinkakwera, koma ndalama ayi. M'malo mwake munayamba kubwera ndemanga. "Akuyambiranso moyo, poyamba anauthera kuti?" "Bwanji manja okhaokha, anthuwa alibe mitu?" Wina analemba kuti zithunzizo taziba pa intaneti.

Tsiku lachisanu ndi chinayi, ndikupanga tiyi wa m'mawa kuntchito, uthenga unalowa. Anthu atatu anali atakadandaula ku kampani ya msonkhamsonkha ija kuti tsamba lathu likuoneka lachinyengo. Analiimitsa kaye. Anatipatsa masiku atatu kuti woimira gulu aonekere pa kanema ali pamalo a ntchito, anene dzina lake, ndipo afotokoze momveka kuti gululi ndi la ndani. Tikalephera, ndalama zibwerera kwa eni ake ndipo tsamba litsekedwa.

Nthawi ya nkhomaliro ndinathamangira kwa alamu. Anawerenga uthengawo atautalikitsa ndi maso. Atamaliza anandibwezera foni n'kupitiriza kukhoma soli imene anali nayo, misomali itatu, inayi, n'kuima.

"Nesi akubwera Loweruka," anatero.

"Eya."

"Mudzakhalepo, mlamu. Bodzali tinasenza awiri."

"Atatu. Achemwali musawaiwale."

"Mayi ake angolira. Ndikufuna wina woti adzathe kuyankha."

Loweruka Nesi tinamupeza pabalaza akusita yunifolomu yake yoyera, wailesi ikulira pansipansi. Achemwali anakhala pakona ya sofa, manja ali pakati pa maondo. Alamu anazimitsa wailesi n'kuima pafupi ndi chitseko ngati mlendo.

"Mwanawe, takhala pansi."

"Ndikumva, adadi. Nenani, ayironi ingazizire."

Ananena. Sanazungulire. Anati zaka zija sanali kunja, anali kundende, chifukwa anaba katundu wa pa ntchito. Anati amuna amene amasoka nawo aja onse anadutsa komweko, ndipo Lolemba ayenera kunena zimenezi pa kanema woti aliyense aone, ndiye sanafune kuti iye amvere kwa anthu.

Nesi anaimika ayironi bwinobwino. Anayang'ana mayi ake, mayi ake anayang'ana pansi.

"Ndiye sitima ija?"

"Kunalibe sitima."

"Munandiuza kuti inali ndi zipinda zitatu zosanjikizana. Kuti munkagona chapamwamba."

"Mabedi ndi amene anali osanjikizana," alamu anatero, mawu atauma. "Ndinkagonadi chapamwamba."

Kenako anatembenukira kwa ine. "Amayi aang'ono, chidole cha chimbalangondo chija?"

"Ndinagula ndine. Pamsika."

"Makalata aja?"

"Ankalemba ndi adadi ako. Ine ndinkangosintha envulopu."

Sanalire. Bwenzi zili bwino akanalira. Anati ali sitandade sikisi anamenyana ndi mtsikana wina amene ananena kuti bambo ake ndi mkaidi, anamuthyola dzino, ndipo mayi ake anapita kusukulu kukamuikira kumbuyo kuti mwana winayo ndi wabodza. "Munalola kuti mwana wa eni ake akwapulidwe pa asembule, inu mukudziwa kuti akunena zoona." Achemwali anayamba kusisima. Nesi anapinda yunifolomu ija, mbali ina isanasitidwe, n'kuiika m'chikwama.

"Ndiye mwandiuza chifukwa cha makina," anatero ali pakhomo. "Pakanapanda makina bwenzi ndikadali pa sitima."

Anakoleka chikwama paphewa, n'kuwonjezera kuti:

"Kanemayo jambulani. Koma musatchule kuti muli ndi mwana."

Lolemba m'mawa, shopu yosindikiza isanayatse makina ake aphokoso, tinajambula. Anzawo onse anatuluka kukaima mumsewu. Ulendo woyamba alamu ankayang'ana kudenga. Wachiwiri analankhula Chichewa cha m'mabuku ngati akuwerenga uthenga wa maliro pa wailesi. Ndinawauza kuti atenge nsapato m'manja azilankhula akusoka, ndipo apo m'pamene zinatheka. Anatchula dzina lawo lonse. Anati, "Ine ndinaba, ndinamangidwa, mlandu wanga ndinalipira. Anzanga ndili nawo kunowa nawonso anachokera kundende, koma nkhope zawo ndi zawo, sindingawaonetse. Mukafuna woti mumufunse za ndalama zanu, ndi ineyo, ndimapezeka pano tsiku lililonse kupatula Lamlungu." Anafotokoza za makina, za mapeyala mazana awiri, ndi kuti lisiti lililonse tidzalijambula n'kuliika pa tsamba.

Tsamba linatsegulidwa tsiku lotsatira. Chimene chinachitika sindinachiyembekezere. Kanema uja anthu anayamba kutumizirana. Foni yanga inkanjenjemera m'thumba la gauni ya kuntchito mpaka abwana anandiuza kuti ndiziisiya mu kabati. Ankaponya ndi anthu wamba, pang'onopang'ono, ena n'kulembapo mawu. Mayi wina anati mwana wake atuluka chaka chamawa ndipo sadziwa kuti adzamupititsa kuti. Woyendetsa lole wina anati alamu anamusokera jombo zaka zinayi zapitazo ndipo akuvalabe. Otukwana analiponso, oti mbala siisintha imangopuma, koma ena ankawayankha ife tisanayankhe. Pofika tsiku lakhumi ndi chisanu ndi chinayi tinali titadutsa theka. A Fupi anayamba kuyeza pakona ndi tepi, pamene makina adzakhale. Alamu okha ndi amene sankasangalala. Nesi sankayankha foni yawo, ya achemwali, ngakhale yanga.

Ndemanga ija inabwera Lachitatu cha m'ma leveni. Ndinaiwerenga nditabisala kuseri kwa shelefu ya mankhwala a chifuwa, kasitomala akundidikira pa kauntala. Analemba ndi mayi wina amene sindinkamudziwa. Anati: "Bambo awa akuti mlandu wawo analipira. Afunseni za mlonda wa pa kampani paja. Mawaya atayamba kusowa, iwo anauza apolisi kuti mlonda ndi amene ankatsegulira akuba geti. Mlondayo anakhala m'chitokosi miyezi, ntchito inatha, ndipo mpaka lero palibe anabwera kudzanena kuti sanalakwe. Mlondayo ndi bambo anga."

Zaka zonsezi ndinkati nkhani ya alamu ndikuidziwa kuyambira kumutu mpaka kumchira, koma za mlonda ndinali ndisanamvepo. Pambali pa ndemanga iliyonse pali kabatani koti mwini tsamba akhoza kuibisa. Chala changa chinafika pamenepo n'kuima. Anthu anayi anali ataiona kale.

Ndinapempha ola limodzi kwa abwana. Nditafika m'kachipinda muja ndinatseka chitseko n'kuwerenga ndemangayo mokweza, onse asanu ndi awiri akumva.

"Alamu, n'zoona?"

Anaika mpeni pansi. "N'zoona."

"Achemwali akudziwa?"

"Ayi."

"Ndiye ine ndakhala ndikugogoda pa mafoni a anthu, kuika dzina langa pansi pa lanu, pamene inu mwakhalira chinthu chotere?"

"Ndinkaganiza kuti anamwalira," anatero. Kenako anadzikonza okha. "Ayi. Sindinafufuze n'komwe."

A Dikoni ndi amene analankhula, mofatsa monga mwa masiku onse. Anati ndemangayo ndiibise msanga. Anati mlondayo analakwiridwa, inde, koma sanalakwiridwe ndi gulu. Makinawo si a munthu mmodzi, pali mabanja asanu ndi awiri. Kwatsala masiku asanu ndi anayi okha. Akatha, a Chidendene apite okha kukagwada kwa mkuluyo, atenge ndi kangachepe. "Tisagwetse mphika uli pafupi kupsa chifukwa cha mlandu wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi."

"Mlandu suola, a Dikoni," anatero a Fupi, ndipo aka kanali koyamba kuwaona osaseka. "Komanso mukaibisa, mayiyo akailemba pena pamene mlamu wathuyu alibe batani."

Anakangana kwa nthawi, ine ndikuyang'ana wotchi ndi foni. Oiona ndemangayo anafika makumi atatu. Wina anali atayankha kale pansi pake kuti, "Tikudikira yankho." Alamu anatambasula dzanja, lakuda ndi polishi, ndipo ndinawapatsa foni. Kulemba pa foni amachedwa, chala chimodzi. Analemba kuti: "Zimene mwanenazi n'zoona. Ngati bambo anu angalole, ndibwere kwanu, kapena abwere kuno. Ndemanga yanu sitiichotsa."

A Dikoni anavula epuloni, kuipachika pa msomali, n'kutuluka.

Masiku awiri otsatirawo tsamba linangoti chilili. Palibe ankaponya, onse ankangowerenga ndi kukangana. Anthu awiri analemba kupempha kuti ndalama zawo zibwezedwe, ndipo ndinawasonyeza njira yake. Achemwali atamva za mlonda anasiya kulankhula ndi amuna awo, chakudya ankangowaikira patebulo n'kuvundikira. Mayi wa ndemanga uja anayankha mawu ochepa: abwera Loweruka, twelofu koloko.

Anafikadi, osachedwa ndi mphindi yomwe. Mlonda uja anali wokalamba, wamtali, wowonda, atavala jekete lakale koma lochapa bwino, mabatani onse atamanga. Mwana wawo wamkazi, wa msinkhu wanga, anawagwira pachigongono. Alamu anali atauza anzawo kuti asabwere, ndiye tinalimo anayi. Ndinawapatsa mpando wabwino, koma mkuluyo anayamba wayang'ana chipinda chonse, mashelefu, zikopa, denga, ngati munthu amene akulandira malo oti awalondere. Kenako anakhala.

Alamu anagwada pa simenti. "Bambo, pepani."

"Dzukani," mkuluyo anatero. "Pepani sapoletsa chilonda. Komanso maondo anu sindinabwerere."

Alamu anadzuka n'kukhala pa kabenchi.

"Zaka zisanu ndi zitatu ndinkakutsegulirani geti m'mawa uliwonse. Munkandipatsa nyuzipepala mukamaliza kuwerenga. Tsiku limene apolisi anabwera, munandiloza muli chiimire pa sitepe, kapu ya tiyi ili m'manja. Mukukumbuka?"

"Ndikukumbuka."

"Atakugwirani inu, ine anangonditsegulira chitseko n'kuti zipita. Popanda pepala, popanda mawu. Kukampani anati malo anga alowapo wina. Ndani angalembe mlonda amene anamangidwapo chifukwa chotsegulira akuba? Ndagulitsa makala, ndakumba maenje a zimbudzi. Mayi ake a uyu anamwalira anthu a mumsewu mwathu akunditchabe a Geti." Anapuma pang'ono. "Ndiye mdzukulu wanga akundionetsa kanema, inu mukuti munalipira. Ndinati, koma wanga uja analipira ndani?"

Alamu anati ali okonzeka kupereka chilichonse angathe, kuchokera m'thumba mwawo, osati za tsamba, mwezi ndi mwezi. Mayi uja anafuna kuyankha koma bambo ake anamugwira dzanja.

"Zimenezo mukambirana ndi uyu, ndi amene amandigulira mankhwala. Ine ndabwerera china. Pamene munaima ponena kuti munalipira, muimenso pomwepo. Munene dzina langa lonse, munene kuti geti sindinatsegulire munthu. Anthu omwe aja amve."

"Mukufuna muoneke nawo pa kanemayo?" ndinafunsa.

"Ayi, mayi. Nkhope yanga anthu anaiona mokwanira tsiku lija, ndili kumbuyo kwa galimoto ya apolisi. Ine ndikhala apa ndizimvetsera."

Foni ndinaitsamiritsa pa chitini cha guluu. Ulendo uno alamu sanatenge nsapato. Anakhala mowongoka, manja pamaondo. Anatchula dzina la mkuluyo, anati anali mlonda wokhulupirika, anati iwo anamunamizira dala kuti apolisi ayang'ane kumbali, ndipo munthu wosalakwa anakhala m'chitokosi miyezi inayi.

"Isanu," mawu anachokera kumbali. "Ndi masiku khumi ndi awiri. Yambiraninso."

Tinayambiranso. Alamu thukuta linali litadutsa malaya. Atafika poti "ndinalakwitsa", mkuluyo anawadulanso. "Kulakwitsa n'kuika mchere mu tiyi. Inu munanama. Nenani kuti munanama." Ulendo wachitatu anafika kumapeto popanda wowadula. Mkuluyo anapempha kuti aonere. Anaonera kanema yense, foni ataiyandikiza kukhutu, kenako anandiuza kuti ndimuike pa tsamba iwo ali pomwepo. Nditamuika anaimirira, n'kukonza jekete. Sanapereke dzanja. Pakhomo anatembenuka n'kunena kwa ine, osati kwa alamu, "Zikomo mayi, mwagwira ntchito."

Zotsatira zake sizinali zokoma ngati mmene anthu amafunira nkhani zotere zizithera. Ena anaponya chifukwa cha kanema wachiwiriyo, ena anachoka chifukwa cha yemweyo, ndipo ochoka anali ndi mawu ambiri. Mwini sitolo ya mayunifolomu anaimba Lolemba kunena kuti makolo ena ayamba kufunsa, ndiye atenga mapeyala makumi asanu ndi atatu okha, aone kaye. Masiku makumi atatu atakwana tinali titapeza magawo awiri mwa atatu a zimene tinkafuna. Mwamwayi potsegula tsamba ndinasankha njira yoti timalandira zimene zapezeka ngakhale zisakwane. Tinafunsa oponya onse poyera ngati akulola kuti tigule makina ogwiritsidwapo kale ntchito m'malo mwa atsopano, ndipo palibe anakana. Makinawo anachokera ku fakitale ina imene inatsekedwa. Amadumpha ulusi akatentha, ndiye amawapumitsa ola lililonse, a Fupi akuwapepesa ngati mkazi wokwiya. Malisiti onse ndinawajambula n'kuwaika pa tsamba, ngakhale la ngolo imene inawanyamula.

A Dikoni sanabwererenso. Munthu wina wa kutchalitchi kwawo anazindikira chipinda chija pa kanema, n'kulumikiza nkhani. Mbale ya zopereka anawalanda mwaulemu, powauza kuti apumeko. Akakumana nane mumsewu amandipatsa moni, koma sindikayika kuti mumtima amati ndine ndinabweretsa zonsezi, ndipo sindingawatsutse kwenikweni. Alamu amapita kwa mwana wa mlonda uja kumapeto kwa mwezi uliwonse. Amathera pageti, m'nyumba sanalowetsedwepo.

Mwezi watha kunabwera amayi atatu a gulu losamalira ana osamva, akufuna kutsegula tsamba lawo la msonkhamsonkha, ndiye anamva kuti ife tinayesapo. Ndinawafotokozera za akaunti yosainira awiri, za kuyamba ndi anthu ako, za kagawo kamene kampani imadula, za kuyankha ndemanga tsiku lomwelo. Alamu ankangomvetsera akudula chikopa. Amayiwo akunyamuka, iwo anawonjezera chimodzi: amene adzaike nkhope yake pa tsambalo ayambe wakhala pansi n'kuganiza ngati pali munthu kwinakwake amene akadzaiona adzakhala ndi chonena, ndipo ngati alipo, apite akamuone kaye. Amayi awiri anaseka. Wachitatu sanaseke, anafunsa ngati angabwerenso yekha tsiku lina.

Nesi anakhala miyezi itatu osaponda pakhomo. Panopa amabwera Lamlungu lina ndi lina, amacheza ndi mayi ake kukhitchini, adadi ake amawayankha mawu amodziamodzi. Ine ndi amene sanandikhululukire n'pang'ono pomwe. Akuti makolo ake anali ndi mantha, koma ine ndinali ndi luso. Sabata yatha anatumizira adadi ake uthenga, woyamba chichitikireni zonsezi. Anafunsa dzina la ndendeyo, ndi basi imene imapita kumeneko. Akuti sakufuna kulowa, akungofuna kuona mpanda wake ndi msewu umene mayi ake ankayenda pokawaona. Alamu anayankha kuti amuperekeza, iye n'kuvomera ndi chilembo chimodzi. Apita Loweruka likubwerali, basi ya seveni koloko, ndipo makiyi a kachipinda awasiyira a Fupi. Achemwali akuti sapita nawo, msewu umenewo anauyenda mokwanira. Ine sanandiitane.